Kodi Bwalo la Pakhomo Limagoletsa Chigoli?

Mpikisano wa mpira ukafika pa ndime ya chipulula, pamene wogonja amamanga katundu wake nabwerera kwawo osayembekezanso za mawa, mkangano umayamba mpira usanaikidwe pakati. Funso limakhala limodzi lokha: tikasewerera pa bwalo la yani? Atsogoleri a matimu a m'midzi yathu kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde amatha kukhala pa msonkhano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nthawi zina mpikisano wonse umafera pomwepo, mbuzi ya mphotho ili chimangire pa mtengo. Aliyense amakhulupirira kuti amene wasewera pakhomo wayamba kale kupambana. Lero pa tsamba lino tifuna tione ngati chikhulupiriro chimenechi chili choona, ndipo tipita kwa akatswiri amene mpira ndiyo ntchito yawo yolandirapo malipiro, pakuti kumeneko masewero onse amalembedwa m'mabuku ndipo munthu akhoza kuwerenga.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti achikulire sadaname. M'maligi akuluakulu a ku Ulaya, pa masewero 100 aliwonse timu ya pakhomo imapambana pafupifupi 45, alendo amapambana osafika kapena ongofika pa 30, ndipo otsalawo amathera mofanana mphamvu. Bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA lidaulutsa ziwerengero zake m'chaka cha 2021. Lidati cha m'ma 1975, m'mipikisano yake, eni bwalo ankapambana masewero 61 pa 100 ndipo alendo 19 okha, koma pofika masiku athu ano eni bwalo adatsika kufika pa 47 ndipo alendo adakwera kufika pa 30. Tsono mwayi wa pakhomo ulipo ndithu, ngakhale kuti wakhala ukuchepa chaka ndi chaka chifukwa cha ndege, mahotela abwino, mabwalo ofanana ndi makamera amene amaona chilichonse.

Nafenso tili ndi umboni wathu. Pa 14 Novembala 2009 timu ya Tunisia idafika pa bwalo la Machava ikufuna kupambana kuti ipite ku chikho cha dziko lonse cha 2010 ku South Africa. Inali patsogolo pa gulu lake. Ma Mambas, pansi pa mphunzitsi Mart Nooij, adaiumiriza mpaka kutatsala mphindi zosakwana khumi, pamene Dário Monteiro adagoletsa chigoli chimodzi chimene chidatseka nkhani yonse. Tunisia idatsala, Nigeria idapita m'malo mwake, ndipo ife tidapeza malo ku chikho cha Africa ku Angola. Nigeria yomweyo idalephera kugoletsa ku Maputo m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Amene adamvera masewero amenewo pa wailesi akukumbukira phokoso la anthu limene linkabisa mawu a muulutsi.

Koma funso lenileni ndi ili: mwayi umenewu umachokera kuti? Pakuti ngati sitidziwa gwero lake, tidzapitiriza kumenyanirana bwalo osadziwa chimene tikumenyanirana.

Anthu ambiri amati ochemerera amalimbitsa miyendo ya osewera. Akatswiri atafufuza adapeza kuti phokoso limagwira kwambiri munthu wina amene sitimuganizira, ndiye woyimbira mpira. M'chaka cha 2002 ku England kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa Alan Nevill ndi anzake. Iwo adatenga oyimbira 40 nawaonetsa kanema wa masewero a pakati pa Liverpool ndi Leicester City. Ena adaonera akumva phokoso la anthu, ena adaonera kanema yemweyo ali zii. Amene ankamva phokoso adaimba zolakwa za eni bwalo zocheperapo ndi 15 pa 100 kuyerekeza ndi anzawo aja. Palibe amene adawapatsa chiphuphu kapena kuwaopseza, anali atakhala pa mpando m'chipinda, koma khutu lidanyenga diso.

Ku Spain akatswiri ena atatu, Garicano, Palacios-Huerta ndi Prendergast, adawerenga mphindi zimene woyimbira amaonjezera masewero akafika pa 90. Adapeza kuti eni bwalo akakhala kumbuyo ndi chigoli chimodzi woyimbira ankaonjezera pafupifupi mphindi 4, koma akakhala patsogolo ndi chigoli chimodzi ankaonjezera pafupifupi 2 zokha. Kusiyana kwa zigoli kukakhala kwakukulu, koti mphindi zoonjezera sizingasinthe kanthu, kukondera kumeneku kunkazimirira. Wotchi ndi yomweyo, koma munthu woigwira ali ndi makutu ndiponso amafuna kutuluka m'bwalo mwamtendere.

Umboni woposa wonse udabwera ndi mliri wa Covid-19. Pa 16 Meyi 2020 ligi ya ku Germany idayambiranso kusewera m'mabwalo opanda munthu ndi mmodzi yemwe woonerera. Bwalo ndi lomwelo, udzu ndi womwewo, alendo ankayendabe ulendo wawo monga kale. Chidachotsedwa ndi khamu lokha. Mliri usanafike, eni bwalo m'chaka chimenecho ankapambana masewero 43 pa 100. M'masewero opanda anthu adatsika kufika cha m'ma 33, ndipo alendo adapambana kawirikawiri kuposa iwo. Atasonkhanitsa masewero a m'maiko ambiri, ofufuza adaona kuti mwayi wa pakhomo udachepa koma sudathe wonse, ndipo chimene chidasintha moonekeratu ndi makadi achikasu: alendo adasiya kulandira ochuluka kuposa eni bwalo.

Awerengi athu, apa mpofunika kuima pang'ono. Ngati woyimbira wa ku Ulaya, wophunzitsidwa bwino, wolipidwa bwino ndiponso wotetezedwa ndi apolisi amapendekera kumene kuli phokoso, nanga mphunzitsi wa pa sukulu amene tam'pempha kuti atiyimbire pa bwalo lopanda mpanda, anthu ataima pa mzere penipeni, ena atanyamula zibonga, ndipo njinga yake waitsamiritsa pa nyumba ya wapampando wa timu ya pakhomo? Munthu wotere akapereka penate kwa eni mudzi tisafulumire kunena kuti wadya ndalama. Kawirikawiri amakhala akuganiza za njira yobwererera kwawo.

Gawo lina la mwayi wa pakhomo ndi la thupi, ndipo ife a chigawo cha Tete timalidziwa popanda kutiphunzitsa. Mnyamata wokulira ku Ulónguè, pa mapiri opitirira mamita 1,000 pamene mphepo imazizira, mukam'tsitsira ku mzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kutentha kutadutsa madigiri 40, atakhala pa chapa makilomita opitirira 200, adzathamanga mphindi 30 zoyamba kenaka lilime lidzatuluka. Wa ku Tete naye akakwera kuno m'mwezi wa Juni amasewera akunjenjemera. Matimu a mu Moçambola ochokera ku Maputo akamabwera kudzakumana ndi União Desportiva do Songo, imene idatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022, amadutsa mtunda wopitirira makilomita 1,500.

Kumene nkhani imeneyi idafika poipa ndi ku Bolivia. Mzinda wa La Paz uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 3,600, kumene mpweya ndi wochepa kotero kuti mlendo amapuma wefuwefu pongokwera masitepe. Kumeneko Brazil idagonja 2-0 mu 1993, koyamba m'mbiri yake kugonja m'masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Pa 1 Epulo 2009 Argentina, Lionel Messi ali m'bwalo ndipo Diego Maradona ali mphunzitsi, idakwapulidwa 6-1. Bungwe la FIFA lidayesa kuletsa masewero a pa malo okwera kupitirira mamita 2,500 mu 2007, koma maiko a kumapiriwo adakwiya nati munthu sangaletsedwe kusewera kumene adabadwira, ndipo lamulolo lidaimitsidwa mu 2008. Komabe Bolivia yomweyo ikatsikira ku chigwa imagonja kawirikawiri, ndipo kuyambira 1998 mpaka 2022 sidapiteko ku chikho cha dziko lonse.

Zonse tanenazi zikukhudza masewero wamba. Pa ndime ya chipulula nkhani imasokonekera, ndipo pano ndi pamene ambiri amanyengedwa ndi ziwerengero.

Ku America, m'ligi ya basiketibolo ya NBA, matimu awiri akakumana pa chipulula amasewera mpaka ina itapambana kanayi, ndipo akalimbana kwambiri masewero amafika 7. Masewero achisanu ndi chiwiriwo, otsiriza, amachitikira pa bwalo la timu imene idachita bwino kuposa inzake m'chaka chonse. Mabuku amaonetsa kuti eni bwalo amapambana masewero otsirizawa pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Womva msanga adzati taonani mphamvu ya pakhomo. Koma kumbukirani kuti bwalolo lidaperekedwa ngati mphotho kwa timu imene inali yamphamvu kale. Zili ngati kupatsa ng'ombe yonenepa msipu wabwino kenaka ndi kudabwa kuti yanenepa. Ndipo ngakhale zili choncho, mu 2016 timu ya Golden State, imene idapambana masewero 73 mwa 82 m'chaka chimenecho, idagonja pakhomo pake 93-89 kwa Cleveland pa tsiku lomaliza.

Mu mpira wa miyendo mkangano wofanana ndi wa masewero awiri, kwanu ndi kwathu: kodi ndi bwino kutsiriza pakhomo? Aphunzitsi ambiri amati inde, pakuti umadziwa ngongole imene uli nayo, ndipo pakakhala mphindi 30 zoonjezera kapena mapenate zimachitikira pamaso pa anthu ako. Amakumbutsa za Barcelona imene idagonja 4-0 ku Paris mu 2017 nibweza 6-1 pa Camp Nou, ndi Liverpool imene idagonja 3-0 ku Barcelona mu 2019 nibweza 4-0 pa Anfield. Kafukufuku wina wa mu 2007 adapezadi kamwayi kakang'ono kwa otsiriza pakhomo. Koma akatswiri a ku Munich mu 2011 adaonetsa kuti mu Champions League timu yotsiriza pakhomo pa ndime ya matimu 16 inkakhala imene idatsogolera gulu lake, ndipo atachotsapo kusiyana kwa mphamvu kumeneku mwayi uja sudaonekenso. Masewero obweza ngongole timawakumbukira chifukwa ndi osowa. Mazanamazana amene eni bwalo adalephera kubweza palibe amawasimba pa moto.

Pofuna kuthandiza alendo, mu 1965 UEFA idakhazikitsa lamulo lakuti zigoli zikafanana pa masewero awiri, amene wagoletsa zambiri koyenda ndiye wapitirira. Lamuloli lidatipweteka ife mu 2017, pamene Ferroviário da Beira idafika ndime ya matimu 8 mu chikho cha akatswiri a mu Africa. Idafanana mphamvu ndi USM Alger 1-1 ku Beira, nikagwira 0-0 ku Algeria, ndipo idatuluka osagonja masewero ndi amodzi omwe mwa awiriwo. Pamenepa pakhomo padasanduka msampha, pakuti chigoli chimodzi cha mlendo chidalemera kuposa cha mwini. Ku Ulaya lamuloli adalichotsa mu 2021, atanena kuti linkachititsa eni bwalo mantha oukira. Mu Africa lidapitirirabe, kotero kuti mu Epulo 2025 Mamelodi Sundowns idatulutsa Al Ahly itagwira 0-0 ku Pretoria ndi 1-1 ku Cairo.

Tsopano tifike pa tsiku la chikho lenileni, pamene masewero ndi amodzi ndipo dziko lonse likuyang'ana. Apa mbiri ili ndi nkhope ziwiri. Pa mipikisano 22 ya chikho cha dziko lonse kuyambira 1930 mpaka 2022, eni malo adatenga chikho kasanu ndi kamodzi: Uruguay 1930, Italy 1934, England 1966, West Germany 1974, Argentina 1978 ndi France 1998. England sidachitengepo kwina kulikonse m'zaka zonsezo, ndipo mu 1966 idasewera masewero ake onse 6 pa bwalo limodzi la Wembley. Portugal ya Eusébio ndi Mário Coluna, ana a Moçambique, itagonjetsa North Korea 5-3 ku Liverpool, Eusébio atagoletsa 4, idayenera kusamukira ku London kukakumana ndi eni malo amene anali asanasunthe. Idagonja 2-1 ndipo Eusébio adatuluka akulira.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake anyamata omwewa adalawa kale zotere. Fainali ya chikho cha Ulaya ya 1965 idaikidwa pa San Siro ku Milan, bwalo la Inter, ndipo Inter yomweyo ndiyo idafika kudzakumana ndi Benfica. Mvula idagwa yambiri, bwalo lidasanduka dambo, ndipo mpira wa Jair udaterereka m'manja mwa goloboyi Costa Pereira, wobadwira ku Nacala, nulowa. Kenaka Costa Pereira adavulala, ndipo popeza masiku amenewo kunalibe kulowetsa wina m'malo mwa wovulala, wotchinga kumbuyo Germano adavala malaya a goloboyi, Benfica nitsiriza ndi anthu 10. Inter idapambana 1-0. Kodi lidapambana ndi bwalo, mvula, kapena tsoka la munthu mmodzi? Aliyense ayankhe yekha.

Nkhope yachiwiri ndi yowawa. Pa 16 Julaye 1950 anthu pafupifupi 200,000 adadzaza bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Brazil inkangofunika kufanana mphamvu ndi Uruguay kuti itenge chikho, ndipo idayamba ndiyo kugoletsa. Uruguay idabweza kudzera mwa Schiaffino, kenaka Ghiggia adagoletsa chachiwiri kutatsala mphindi 11. Goloboyi Moacir Barbosa adasenza mlandu umenewo mpaka imfa yake mu 2000. Patapita zaka 64, pa 8 Julaye 2014, Brazil idalandiranso mlendo pa ndime yachiwiri kwa yotsiriza ku Belo Horizonte. Inali isanagonjepo pakhomo m'masewero a mpikisano kuyambira 1975. Pomakwana mphindi 29 Germany inali itagoletsa 5, zinayi mwa izo m'mphindi 6 zokha, ndipo masewero adatha 7-1. Neymar anali wovulala ndipo Thiago Silva anali woletsedwa, zoona, koma amene adaona adazindikira kuti chigoli chachiwiri chitalowa osewera aja adasokonezeka mitu. Khamu limene linkayenera kuwanyamula lidakhala katundu pa mapewa awo.

Otsatira mpira wa ku Portugal, amene ndi ambiri pakati pathu, ali ndi zipsera zawo. Mu 2004 Portugal idagonja kwa Greece kawiri pa nthaka yake, 2-1 pa tsiku lotsegulira ku Porto ndi 1-0 pa fainali ku Lisboa. Mu 2005 Sporting idasewera fainali ya chikho cha UEFA pa bwalo lake lenileni la Alvalade, idatsogola 1-0 popita kokapuma, nigonja 3-1 kwa CSKA Moscow. Koma mu 2016 Portugal idachitira France zomwezo ku Paris: Cristiano Ronaldo adatuluka atavulala chigawo choyamba chisanathe, ndipo Éder adagoletsa pa mphindi 109. Roma mu 1984 ndi Bayern mu 2012 adagonja fainali pa mabwalo awo, onse awiri pa mapenate, ndipo England idachita chimodzimodzi pa Wembley mu 2021. Maganizo anga ndi akuti pa mapenate khamu la kwanu silithandiza konse. Mlendo akaphonya amakwera ndege napita. Mwini mudzi akaphonya adzakumana ndi nkhope zomwezo ku msika moyo wake wonse, ndipo zimenezi amazidziwa pamene akuika mpira pa kadontho.

Kuno ku Africa eni malo akhala ndi mwayi wokulirapo. Ghana, Sudan, Nigeria, Algeria, Egypt, Tunisia ndi ena adatenga chikho cha Africa pakhomo pawo. South Africa idachitenga pa 3 Febuluwale 1996 ku Johannesburg itagonjetsa Tunisia 2-0 ndi zigoli za Mark Williams, ndipo abale athu ambiri ogwira ntchito ku Joni adavina nawo. Tisaiwale kuti Nigeria, imene inali ndi chikho nthawi imeneyo, sidabwere ku mpikisanowo chifukwa cha mkangano wa ndale. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake Orlando Pirates idaonetsa mbali inayo: idafanana mphamvu 2-2 ndi ASEC Mimosas pakhomo, anthu nataya mtima, koma idakapambana 1-0 ku Abidjan ndi chigoli cha Jerry Sikhosana. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Nkhani imene ndiikonda koposa ndi ya Côte d'Ivoire, imene m'Chipwitikizi timati Costa do Marfim, pa chikho chimene chidaseweredwa kwawo kumayambiriro a 2024, chifukwa ife tili nayo mbali. Pa 22 Januwale eni malo adagonja 4-0 kwa Equatorial Guinea pamaso pa anthu awo. Osewera adalira, anthu adakwiya, ndipo mphunzitsi Jean-Louis Gasset adachotsedwa mpikisano uli mkati. Anali ndi mapointi 3 okha ndipo ankadikira chifundo cha ena kuti alowe ngati mmodzi wa matimu anayi abwino a pa nambala 3. Usiku womwewo Ghana inkatsogola 2-0 pa ma Mambas mpaka mphindi 90. Geny Catamo adagoletsa penate, Reinildo Mandava nabweza chachiwiri ndi mutu, ndipo Ghana idatsala ndi mapointi 2. Patapita masiku awiri Morocco idagonjetsa Zambia 1-0, Zambia nayonso nitsala ndi 2. Umo ndi mmene eni malo adapulumukira, pa khomo lakumbuyo, ndi thandizo la anyamata athu amene anali atatuluka kale.

Kuchokera pamenepo, pansi pa Emerse Faé, khamu lomwe lija lidasanduka mphamvu. Adatulutsa Senegal pa mapenate, adagonjetsa Mali 2-1 ali anthu 10 ndi zigoli za kumapeto kwenikweni, adadutsa DR Congo 1-0, ndipo pa 11 Febuluwale adagonjetsa Nigeria 2-1 ndi zigoli za Franck Kessié ndi Sébastien Haller, amene anali atangochira kumene ku matenda a khansa. Bwalo la Ebimpé limene lidaona 4-0 ndi lomwenso lidaona chikho, patangopita masiku 20. Amene anena kuti pakhomo pamapambanitsa ndi amene anena kuti pamalemetsa, onse awiri akhoza kutenga umboni wawo pa bwalo limodzi limenelo.

Za mankhwala okwirira pa golo ndi kulumpha mpanda pokana kulowera pa chipata sindinenapo zambiri. Ndingokumbutsa za ku Bamako mu Febuluwale 2002, pamene apolisi a ku Mali adagwira Thomas Nkono, mphunzitsi wa magoloboyi a Cameroon, masewero asanayambe, pomuganizira kuti waponya chithumwa m'bwalo. Adam'manga unyolo anthu akuona. Cameroon idagonjetsa eni malo 3-0.

Pali mwayi wina wa pakhomo umene suyenera kutchedwa mwayi, chifukwa ndi nkhanza chabe. Mu Novembala 2009 basi ya timu ya Algeria idagendedwa miyala ku Cairo ndipo osewera ena adasewera atamanga mabandeji kumutu. Egypt idapambana 2-0, koma masewero odula mlandu ataikidwa pa malo a pakati ku Sudan, Algeria idapambana 1-0. Mu Malichi 2022 ku Senegal ochemerera adawalitsa timagetsi tobiriwira pankhope pa Mohamed Salah pamene ankamenya penate, iye naphonya, ndipo FIFA idalipiritsa Senegal chindapusa. Zotere nazonso zimalowa m'ziwerengero za kupambana kwa eni bwalo, ndipo tikamanyadira kuti pa mudzi pathu sipapambana mlendo tiyenera kudzifunsa ngati ndi chifukwa cha miyendo ya anyamata athu kapena chifukwa alendo amaopa kugoletsa.

Ngakhale akuluakulu a bungwe la CAF nkhani ya bwalo yawazunguza. Kwa zaka zambiri fainali ya chikho cha akatswiri inkaseweredwa kawiri, ndipo zotsatira zake zinkatsata bwalo: TP Mazembe idakwapula Espérance 5-0 ku Lubumbashi mu 2010, ndipo mu 2018 Al Ahly idapambana 3-1 ku Egypt koma Espérance idabweza 3-0 ku Tunisia. Mu 2019 osewera a Wydad adakana kupitiriza masewero ku Tunisia chigoli chawo chitakanidwa pamene makina oonera kanema sankagwira ntchito. CAF idasintha niyamba fainali imodzi. Koma mu 2022 idaika fainaliyo ku Casablanca, pa bwalo la Wydad, ndipo Wydad idafika nigonjetsa Al Ahly 2-0, a ku Egypt akudandaula koopsa. Mu 2023 adabwerera ku masewero awiri.

Kwa okonza mipikisano ya m'maboma athu, phunziro la zonsezi likuloza kwa woyimbira kuposa bwalo. Mtunda wa pakati pa midzi yathu ndi waufupi, nyengo ndi imodzi, ndipo chulu cha pakona kapena kutsetsereka kwa bwalo mlendo amakuzolowera m'mphindi 15. Chimene chimatsala ndi wenzulo. Woyimbira achokere ku mudzi wachitatu, ndalama yake ya ulendo ichoke m'thumba la mpikisano osati la eni bwalo, anthu aime kutali ndi mzere ngakhale pomanga chingwe chabe, ndipo mfumu kapena mlembi wa dera alonjeze pamaso pa onse kuti alendo ndi woyimbira adzaperekezedwa mpaka pa msewu. Zikatero komiti ikhoza kuponya ndalama m'mwamba posankha bwalo ndipo wotaya sadzataya zambiri. Izi zikhudza makamaka masewero a pa malire, pamene anyamata a ku Dedza kapena ku Ntcheu awoloka kudzasewera kuno kapena athu apita uko, pakuti ndewu ya pa mpira imatha kutseka njira ya ku msika ndi ku chigayo kwa miyezi.

Ndipo popeza tatchula a ku Malawi, pali masewero awiri a mu 2021 amene mpaka lero sindidziwa kuti tiwaike mbali iti ya mkanganowu. Moçambique ndi Malawi adaikidwa m'gulu limodzi podzigulira malo ku chikho cha dziko lonse cha 2022, pa nthawi imene mabwalo a maiko ambiri a mu Africa adakanidwa ndi CAF chifukwa chosakwanira. Malawi idatilandira mu Seputembala pa Orlando Stadium ku Johannesburg. Ife tidailandira mu Novembala ku Cotonou, m'dziko la Benin, kumadzulo kwa Africa. Maiko awiri amene anthu ake amalima munda umodzi pa malire adakwera ndege kukakumana kutali chotero, popanda ng'oma za kwawo. Ku Johannesburg Malawi idapambana 1-0. Ku Cotonou Moçambique idapambana 1-0. Pa masewero onse awiri idapambana timu imene dzina lake lidalembedwa poyamba pa pepala.